Ntchito imene anaisiya a Censorship Board tikuimaliza ndife

Amalawi anzanga, lero sindikamba za mafuta kapena za mtengo wa feteleza ayi. Ndikamba za chitini cha mabisiketi chimene chili pansi pa bedi la amalume anga kuno ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu. Wina aseka kuti mtolankhani uyu nkhani zamuthera. Sekani, koma muyambe mwamva.

Amalume angawa, kapena nditi asibweni monga timanenera kuno, ndi mmodzi mwa anthu amene anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi. Anakhala ku Lusaka zaka zambiri, nabwerera kumudzi boma litalengeza chikhululukiro m'chaka cha 1993. Chuma sanabwere nacho ndipo sanachipeze. Chimene ali nacho ndi chitini chija, chodzaza ndi makaseti ndi ma CD. Pakati pa zonsezo pali CD imodzi imene sabwereketsa kwa munthu aliyense. Ndi ya kwaya ya kumpingo kwawo, ya nyimbo 8, imene anajambulitsa pa kasitudiyo kena ka mumzinda muno. Kasitudiyoko kanatsekedwa kalekale, ndipo kompyuta imene munali nyimbozo palibe adziwa kumene inalowera. Amene akutsogolera nyimbo yachitatu pa CD imeneyi ndi malemu akazi awo.

Lamulungu lina ataiika m'wailesi, nyimbo yachitatuyo inayamba chibwibwi. Liwu limodzi lomwelo kubwereza, kubwereza, kenaka zii. Anaitulutsa, naipukuta pa malaya, naibwezeramo. Chimodzimodzi. Munthu amene amatiuza akuseka za mmene anawolokera malire usiku apayoniya ali pambuyo, tsiku limenelo ndinamuona akupukuta m'maso.

Mmawa mwake ndinaitenga kupita nayo kwa anyamata ena oika nyimbo m'mafoni m'tauni. Mnyamata amene ndinamupeza anaipaka mankhwala otsukira mano, naipukuta mozunguliza ndi kansanza, kenaka nandipatsa nyimbo 7 pa memori kadi, za mtundu wa MP3, zopanda ndi maina omwe. Yachitatu panalibe. Nditafunsa anati, "Imeneyo yakana, bwana. Koma musadandaule, masiku ano zonse zili pa intaneti."

Mnyamatayo sindimuda. Akusaka ya ndiwo ngati ine ndi inu. Koma mawu akewo ndiwo andigwiritsa cholembera, chifukwa ndi mawu omwewo amene ndimawamva kwa ophunzira, kwa abusa, kwa aphungu ndi kwa mabwana a m'maofesi. Ndipo ndi bodza.

Tisanafike pa bodzalo, tikumbutsane kumene tachokera. M'chaka cha 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo lopatsa mphamvu bungwe la Censorship Board kuti lizisefa zimene Mmalawi angawerenge, angaonere ndi zimene angamvere. Chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwererapo m'chaka cha 1994. Wailesi inali imodzi yokha. Woimba akafuna kujambula nyimbo, khomo lalikulu linali lomwelo. Mantha anafika poti ngakhale nyimbo ya azungu ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa, mlandu wake dzina lokha. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Inu amene munaona zimenezi ndi maso simufunika kuti mwana wobadwa dzulo ngati ine akuphunzitseni.

Pa 14 June, 1993, Amalawi anasankha nyali. Pakamwa panatseguka. Kwaya iliyonse, gulu lililonse la anyamata a magitala, mayi aliyense wa nyimbo zauzimu, onse anathamangira ku masitudiyo. Anaimba m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chinkhonde. Poyamba zinali pa makaseti, kenaka pa ma CD. Lucius Banda anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man m'chaka cha 1994. Evison Matafale anatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2 asanafere m'manja mwa apolisi mu November 2001, boma la matipate lili pampando, kutikumbutsa kuti nkhanza sizidziwa mtundu wa nsalu ya chipani. Wambali Mkandawire anatulutsa Zani Muwone m'chaka cha 2002, naimika mingoli ya kumpoto kuno pamaso pa dziko lapansi.

Awa ndi maina akuluakulu, ndipo nyimbo zawo zotchuka mwina sizisowa msanga. Nkhawa yanga ili pa mazanamazana a ena amene maina awo sanafike m'nyuzipepala: makwaya a ku Chibavi ndi ku Zolozolo, magulu a kumidzi a ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay, amene anasonkha ndalama, najambulitsa ma CD ochepa, nagulitsana okhaokha pakhomo la tchalitchi. Mawu oyamba amene anthu wamba a dziko lino anaimba opanda mantha ali pa timbale timeneti. Ndipo timbale timeneti tikufa, lero lino, m'zitini, pa mawindo, m'magalimoto, kwina ana akuseweretsa ngati matayala a galimoto za mawaya. Zimene a Censorship Board ankachita ndi sizasi, ife tikuchita ndi mphwayi. Kusiyana kwake n'kotani? Nyimbo yoletsedwa imabisidwa n'kudzatuluka tsiku la ufulu. Nyimbo yowola siidzatulukanso.

Bodza loyamba: zonse zili pa intaneti

Pa intaneti pali zimene munthu wina anaikapo, basi. Kwaya ya amalume anga palibe anaiikapo. Ndipo ngakhale zimene zilipo, zili m'nyumba ya eni ake. M'chaka cha 2019 kampani ya MySpace ya ku America inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaika kuyambira 2003 mpaka 2015 pamene inkasamutsa zinthu m'makina ake. Akuti zinali nyimbo pafupifupi 50 miliyoni. Anapepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngati anataya za azungu anzawo, za ku Geisha angazilirire? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndipo ife a ku Mzuzu tisayerekeze kuti sitidziwa tanthauzo la kusunga chuma malo amodzi. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku umodzi, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Mabuku osindikizidwa ku London abwenzi anatha kutumiza ena. Koma chinthu chimene chinalipo chimodzi chokha, ndani angachitumize?

Bodza lachiwiri: MP3 ndi chimodzimodzi

Apa ndipempha alimi andithandize kufotokozera ophunzira. Palibe mlimi wa nzeru zake amene amagayitsa chimanga chonse n'kunena kuti wasunga mbewu. Ufa ndi wodya lero. Mbewu ndi ya mawa. Kuchokera ku mbewu mungapeze ufa chaka chilichonse, koma kuchokera ku ufa simungapeze mbewu.

MP3 ndi ufa. Anaipanga kuti nyimbo ichepe, ikwane m'malo aang'ono, ndipo imachepa chifukwa makina amataya zigawo za mawu zimene akuganiza kuti khutu silizimva. Pa CD, mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo sekondi imodzi imanyamula makilobiti 1,411. MP3 wamba ya m'mafoni imanyamula 128. Werengani nokha: pa magawo 11 patsala limodzi. Pa kasipika ka foni simungamve kusiyana, n'zoona. Koma zotayidwazo zatayidwa mpaka muyaya, madzi akatayika saoleka. Ndipo MP3 yomweyo wina akaiwotchera pa CD ina, mnzake n'kuisandutsanso MP3, imaonda ulendo uliwonse, monga chikalata chochita fotokope ya fotokope mpaka siginecha kusaoneka.

Pali mtundu wina wa fayilo wotchedwa FLAC, umene unatuluka m'chaka cha 2001, ndipo ndi waulere, palibe kampani imene ingakulipiritseni. FLAC ili ngati kutong'ola chimanga: chitsononkho chachoka, thumba lachepa, koma njere zonse zilipo. Imachepetsa nyimbo pafupifupi ndi theka popanda kutaya kanthu, kotero kuti mukaimasula mumapeza ndendende zimene zinali pa CD. Palinso WAV, imene siichepetsa n'komwe. Mukakhala ndi FLAC mungathe kupanga MP3 ya pafoni nthawi iliyonse. Koma wina asakunamizeni kuti atenga MP3 n'kuisandutsa FLAC kuti ikome. Kumeneko n'kuthira ufa m'thumba la mbewu.

Wina ati malo osungira ndi odula. Chimbale chimodzi cha FLAC sichidutsa kawirikawiri mamegabaiti 400. Hard drive imodzi ya terabaiti 1, yokwana m'thumba la malaya, ingasunge zimbale zoposa 2,000. Yerekezani mtengo wake ndi wa tayala limodzi la galimoto ya nduna, mundiuze ngati vuto lathu ndi umphawi.

Mmene CD imafera, ndi mmene tingaipulumutsire

Ambiri timaopa mikwingwirima ya kumunsi, mbali yonyezimira ija. Koma nyimbo sizikhala kumunsiko. Kumunsi kuli pulasitiki wokhuthala amene diso la makina limapenyeramo. Nyimbo zili pafupi ndi kumwamba, pansi penipeni pa zolembalemba, pa kansalu kopyapyala konyezimira kotchingidwa ndi utoto chabe. Kukalika kwa kumunsi kumaphimba nyimbo. Kukalika kwa kumwamba kumaichotseratu. Tengani CD yanu muiyang'anitse ku dzuwa. Mukaona timabowo todutsa kuwala, dziwani kuti pamenepo palibe sing'anga. N'chifukwa chake kulemba pa CD ndi bolopeni yosongoka ndi kupha.

Chinanso, ma CD ambiri a makwaya ndi oimba ang'onoang'ono sanadindidwe ku fakitale ayi. Ndi aja owotcha pa kompyuta, otchedwa CD-R, amene nyimbo zake zimalembedwa pa utoto. Utotowo umafwifwa ndi dzuwa, kutentha ndi chinyontho, ngakhale CD isanakalikepo n'kamodzi komwe. Nanga chinyontho chikusowa ku Mzuzu kuno, kumene nsapato imamera nkhungu pansi pa bedi? Musati yanga ndinaisunga bwino m'kabati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyimbo pa CD zinayalidwa m'kanjira kamodzi kozungulira, kuyambira pakati kupita kumphepete. Makina amatha kukonza okha pamene kanjirako kaduka pang'ono. Mkwingwirima wochoka pakati kupita kunja umadula kanjirako pang'onopang'ono malo osiyanasiyana, ndipo makina amalumikiza. Koma mkwingwirima wozungulira umatsata kanjirako n'kufafaniza mtunda wautali. Ndiye mnyamata uja popukuta mozunguliza anali kuwonjezera bala pa chilonda. Tsukani CD ndi madzi oyera ndi kasopo pang'ono, muipukute ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, muisiye iume. Zopalapala ndi zopakapaka zikhale zomalizira, mutayamba mwakopera zonse zimene zingatheke.

Pokopera, musagwiritse pulogalamu yothamanga. Pulogalamu wamba ikafika pokalika imalumpha kapena kungoyerekeza, osakuuzani. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Exact Audio Copy, imene Mjeremani Andre Wiethoff anatulutsa m'chaka cha 1998, ndi inzake ya cdparanoia ya makompyuta a Linux. Izi zikafika pokayikitsa zimabwerera, n'kuwerenga malo omwewo mobwerezabwereza kufikira zitapeza yankho logwirizana. Exact Audio Copy ikamaliza imalemba lipoti lonena poyera kuti nyimbo yakuti, pa mphindi yakuti, pali chikayiko. Bwenzi maofesi ena m'dziko muno akanamalemba malipoti achilungamo chotere. Ntchitoyi ingatenge maola pa CD imodzi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina ena akakana, yesani ena, chifukwa maso a makinawa amasiyana mphamvu. Ndipo fulumirani, pakuti makompyuta ambiri atsopano akubwera opanda ndi polowetsa CD pomwe.

Pali kaundula wina pa intaneti wotchedwa AccurateRip, kumene munthu amayerekeza zimene wakopera ndi za ena amene ali ndi CD yomweyo. Wa CD ya Bob Marley apeza anzake ambirimbiri omuchitira umboni. Wa kwaya ya ku Geisha adzipeza ali yekha. Tanthauzo lake ndi loopsa: mwina CD ili m'manja mwanuyo ndi yomaliza pa dziko lonse lapansi.

Mukakopera, lembani. Dzina la gulu, maina a oimba, chaka, situdiyo, chiyankhulo, wopeka nyimbo. Jambulani chikuto chake kutsogolo ndi kumbuyo. Nyimbo yotchedwa Track 3 ndi manda opanda chizindikiro. Kenaka sungani malo atatu: kunyumba kwanu, kwa m'bale wa m'boma lina, ndi kumpingo kapena kusukulu. Hard drive nayo imafa, choncho pakapita zaka zingapo samutsirani pa ina. CD yeniyeniyo musaitaye.

Bodza lachitatu: kukopera konse ndi umbava

Ndikudziwa kuti oimba ena awerenga izi mtima uli phaphapha, ndipo ali ndi chifukwa. Kuwotcha nyimbo mwakuba kunasaukitsa oimba athu, ena mpaka kuikidwa m'manda ndi ndalama zopemphetsa pamene nyimbo zawo zikulira m'minibasi iliyonse. Wogulitsa thukuta la mnzake ndi mbala, ndipo nyuzipepala ino siikira kumbuyo mbala. Koma kusunga ndi kugulitsa ndi zinthu ziwiri. Amene wapulumutsa mbuzi ya mnansi wake m'chitsime sanabe mbuzi; amaba akapita nayo kumsika. Mukapulumutsa chimbale, woyamba kulandira akhale mwini wake, kapena mkazi wake wamasiye ndi ana ake. Mudzadabwa kupeza kuti oimba ambiri alibe ndi chimbale chawo chomwe. Zofalitsa kapena kugulitsa, chilolezo chichokere kwa eni ake ndi ku bungwe la COSOMA, limene lakhala likuyang'anira za umwini wa nyimbo kuyambira 1992. Ndipo dziwani ichi: nyimbo imene yafera pa CD yowola siidzabweretsera ana amasiye ngakhale tambala imodzi.

Kwa inu akuluakulu

Pamene Wambali anamwalira mu January 2021, ndi pamene Lucius anamwalira mu June 2024, mauthenga a chipepeso anachita kusefukira. Aliyense anati tataya chuma cha fuko. Chabwino. Nanga chuma chimenecho nkhokwe yake ili kuti? Nkhata za maluwa zimafota pasanathe sabata.

N'zochititsa manyazi kuti wofuna kumva mmene agogo athu ankaimbira m'zaka za m'ma 1950 amathokoza mzungu Hugh Tracey, amene anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi makina ake, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Wofuna za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka amathokoza Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anayamba kuwajambula m'chaka cha 1967. Ngakhale matepi akale a MBC, pamene anayamba kusamutsidwira m'makompyuta m'zaka za m'ma 2010, thandizo linachokera ku Norway. Alendowa tiwathokoze, anachita bwino. Koma kodi mpaka liti mbiri yathu izidikira mlendo? Kodi ndi ufulu wanji umene mwana wa ku Mzimba adzafunika pasipoti kuti akamve mawu a agogo ake?

Zimene tikupempha si zapatali. Wosindikiza buku m'dziko muno lamulo limamukakamiza kupereka buku limodzi ku National Archives ku Zomba. Zomwezo zichitike pa chimbale chilichonse, ndipo chiperekedwe chathunthu, osati MP3. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa ndalama yapadera imene imadulidwa pa zipangizo zokopera ndi kusungira nyimbo. Kagawo kena ka ndalama imeneyo kagule makina opulumutsira zimbale. Laibulale ya boma ya mumzinda uliwonse ikhale ndi tebulo limodzi, kompyuta imodzi ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa, kumene mayi wa ku Mchengautuwa angabwere ndi CD yake n'kubwerera nayo pamodzi ndi fayilo. Anyamata oika nyimbo m'mafoni aja asathamangitsidwe chabe, aphunzitsidwe. Makompyuta ali nawo kale. Ndipo nkhokweyo isakhale m'manja mwa chipani cholamula, chilichonse chimene chingakhale, chifukwa tikudziwa chimene boma limachita ndi nyimbo imene yalinyoza. Masinodi, madayosizi ndi masukulu a ukachenjede akhale ndi zawo.

Kwa inu makolo amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare, ku Johannesburg ndi ku London: masutikesi anu tikuwadziwa. Muli makaseti a misonkhano, nyimbo za kuukapolo wa kuchilendo, ma CD amene munatumizirana. Mumati mukusunga. Simukusunga, mukuchedwetsa maliro. Tsiku limene mudzatsikire kulichete, adzukulu adzasesa m'chipindamo tsiku limodzi, chitini n'kupita kudzala. Munakana kukhala chete pamene kuyankhula kunali imfa. Musalole nkhungu ikutsekeni pakamwa lero. Itanani mdzukulu wa kompyuta uja sabata ino, mukhale naye pansi, iye azikopera inu muzitchula maina.

Mwina mukufuna kudziwa mmene inathera ya amalume. Ndinabwereka makina owerengera CD kwa mnzanga, ndipo kompyuta inalimbana ndi nyimbo yachitatu ija usiku wonse. Kutacha lipoti linati nyimbo 7 zatuluka bwino, koma yachitatu ili ndi malo okayikitsa, ndipo pomvera inali ndi mabala. Amalume anakhala chete, kenaka anakumbukira mayi wina wa ku Chibavi amene ankaimba nawo m'kwayamo. Tinapita. Mayiyo anafukula CD yake pansi pa mabuku a nyimbo, yokalika kuposa yathu. Pa yakeyo nyimbo ziwiri zomalizira zinali zitafa. Yachitatu inali yamoyo. Ife tinamupatsa ziwiri zake, iye natipatsa yathu. Mutu umodzi susenza denga.

Madzulo ake amalume anaimvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, opanda chibwibwi, kenaka anati ndiibwereze. Tsopano ili malo atatu, ndipo dzina la malemu lalembedwapo.

M'chitini muja mwatsala zina zambiri, ndipo mvula ya ku Mzuzu siidikira kuti Nyumba ya Malamulo ikumane. Yanu ili pati? Kaitulutseni lero.